Malire atatu, malamulo anayi: zoti mwamuna wokonda amuna anzake adziwe asanakwere basi kapena ndege

Basi yonyamuka pa Wenela mu Blantyre kupita ku Joni imayenda tsiku limodzi ndi theka, mwinanso masiku awiri ngati pa Beitbridge pali mzere wautali. Ngati wokwerayo ndi mwamuna amene amakonda amuna anzake, dziko lililonse limene basiyo ikudutsa limamuona mwa mtundu wake. Pa Mwanza akutuluka m'dziko limene gawo 153 la malamulo a milandu limati akhoza kukhala kundende zaka 14. Akangodinditsa pasipoti pa Zobue mlanduwo palibenso, chifukwa Mozambique inachotsa lamulo lotere mu 2015. Akawoloka Zambezi pa Tete n'kufika pa Nyamapanda, wabwerera kukhala wolakwa, pakuti ku Zimbabwe gawo 73 la malamulo awo limapereka chindapusa kapena chaka chimodzi kundende. Kutsidya kwa Limpopo wafika kumene malamulo aakulu a dziko, a 1996, amaletsa kumusala, ndipo kuyambira 2006 akhoza kumanga banja ndi mwamuna mnzake movomerezeka ndi boma. Munthu ndi yemweyo, mpando womwewo, foni yomweyo m'thumba.

Kudziwa malamulo amenewa n'kofunika, ndipo sikovuta. Bungwe la ILGA World limasunga mapu a maiko onse, ndipo maiko oposa 60 akadali ndi malamulo olanga amuna ogonana okhaokha. Kuno kumwera kwa Africa zinthu zasuntha m'zaka zaposachedwa: Botswana inathetsa lamulo lake kudzera kukhoti mu 2019, khoti la apilo n'kutsimikiza mu 2021, Angola inachotsa lake mu 2021, khoti lalikulu la Namibia linagamula chimodzimodzi mu 2024. Koma chaka chomwecho, mwezi wa June, khoti loona za malamulo aakulu ku Malawi linati magawo athu akhalebe. Ku Zambia amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anapatsidwa zaka 15 mu 2019, mpaka pulezidenti Edgar Lungu anawakhululukira chaka chotsatira. Tanzania, kumene anthu athu amapita kukaoda katundu ku Kariakoo, ili ndi zilango zoopsa kuposa zathu. Uganda inakhazikitsa lamulo latsopano mu May 2023, lokhala ndi chilango cha imfa pa milandu ina.

Komabe mapu amanama pang'ono. Amakuuzani zimene woweruza angachite, sakuuzani zimene angachite mwini nyumba, mnzanu wogona naye chipinda chimodzi, kapena munthu amene mwacheza naye pafoni usiku. Kwa munthu wochokera kwathu kuno, zoopsa zambiri sizichokera m'buku la malamulo. Zimadalira kuti mapepala anu ali m'manja mwa yani, foni yanu yaonedwa ndi yani, ndipo dzina lanu likutchulidwa pakamwa pa yani.

Kumudzi kumakutsatirani

Tiyambire pa chimene alangizi a maiko olemera sachiganizira n'komwe. Mzungu wopita kukayenda ku Cape Town amafikira ku hotela kumene palibe womudziwa. Mmalawi amafikira kwa msuweni wake ku Mayfair kapena ku Diepsloot mu Joni, kapena m'kachipinda ka anthu anayi ochokera m'boma limodzi. Ntchito yoyamba amamupezera ndi anzakewo. Mpingo kapena mzikiti ndi wa anthu a kwawo. Gulu la WhatsApp losonkherana ndalama za maliro lili ndi anthu odziwa amayi ake, amalume ake, ngakhale a mfumu a kwawo. Malamulo a South Africa amamuteteza, inde, koma m'chipinda muja mumayenda malamulo a ku Mangochi kapena a ku Mzimba, ndipo nkhani imafika kumudzi dzuwa lisanalowe. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Masiku ano mlomo umene umakutsata suchita kukhala wako.

Zimenezi n'chimodzimodzi kwa anyamata amene anayamba kupita ku minda ya ku Israel kumapeto kwa 2023. Lamulo la kumeneko silimanga munthu pa nkhaniyi, koma amagona m'nyumba za pafamu ndi anzawo a kumudzi. N'chimodzimodzinso kwa osamalira okalamba ku Leeds kapena ku Manchester amene amabwereka nyumba pamodzi.

Sindikunena kuti munthu athawe anthu a kwawo. Kunja kumazizira, ndipo amene angakupatseni nsima ntchito itatha mosayembekezereka ndi omwewo. Koma kudalira gulu limodzi pa zonse, pogona, ntchito, ngongole ndi mapemphero, kumatanthauza kuti tsiku limene mmodzi wa iwo adzadziwe n'kuipidwa, zonse zidzagwa nthawi imodzi. Choncho ndalama zoyamba zimene munthu wapeza, asanagule foni yapamwamba, zingamuthandize kwambiri atazisunga kuti zikwane lendi ya mwezi umodzi kwina. Pasipoti, makhadi a kubanki ndi mankhwala zikhale pamalo poti angazitenge m'mphindi zisanu. Ndipo pakhale munthu mmodzi wosakhala wa gululo, kaya mnzake wa kuntchito wochokera dziko lina, amene angamutsegulire chitseko usiku.

Mapepala akatha

Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza, koma amapatsidwa masiku 30 okha. Aliyense akudziwa zimene zimachitika masikuwo akatha: kuzemba apolisi, mantha a ku Lindela kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo, ndi kuletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi mpaka zisanu ngati wagwidwa potuluka. Kwa mwamuna amene tikunenayu vutoli limalemera kawiri. Wina akamumenya, kumubera kapena kumuopseza kuti amuulula, lamulo lili kumbali yake pa nkhani ya chikondi chake, koma sangayerekeze kupita kupolisi chifukwa cha mapepala. Achifwamba amadziwa bwino zimenezi, ndipo amasankha dala anthu obwera.

South Africa si paradaiso. M'miyezi yoyamba ya 2021 amuna angapo odziwika kuti amakonda amuna anzawo anaphedwa mwankhanza m'malokeshoni a ku Durban, ku Eastern Cape ndi ku Cape Town. Zimene zimaloledwa ku De Waterkant mu Cape Town kapena ku Melville mu Joni, monga kugwirana manja pamsewu, zikhoza kukuphetsani pa mtunda wa makilomita 20 okha kuchokera pamenepo. Onjezanipo chidani cha anthu obwera, chimene chinapha anthu oposa 60 mu 2008 ndipo chikubukabe kudzera m'magulu monga Operation Dudula. Munthu amakhala wonyamula akatundu awiri pamutu umodzi.

Ku Britain mapepala amamanga munthu mwa njira ina. Viza ya ntchito yosamalira odwala ndi okalamba imalumikizidwa ndi bwana amene anakuitanani. Lamulo la Equality Act la 2010 limaletsa bwana kukuchotsani ntchito chifukwa cha amene mumamukonda, koma ntchito ikatha viza imafupikitsidwa, kawirikawiri kukhala masiku 60, oti mupeze bwana wina kapena muchoke. Ndiye anthu amapirira chipongwe chimene lamulo silikuwauza kuti apirire. Kulowa bungwe la ogwira ntchito monga UNISON msanga, mavuto asanayambe, kumathandiza, ndipo ndi bwino kusunga mauthenga ndi kulemba tsiku lililonse limene mwanenedwa zachipongwe.

Foni

Apa ndiye pofunika kukhalitsa, chifukwa umboni umene umamangitsa anthu masiku ano suchokera kwa mboni yosuzumira pawindo. Umachokera m'foni ya munthu mwini wake.

Mu February 2023 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti losonyeza mmene apolisi ku Egypt, Iraq, Jordan, Lebanon ndi Tunisia amasakira anthu pa intaneti: kutsegula maakaunti abodza, kupangana ndi munthu malo okumana, kumugwira, kenako kumukakamiza kutsegula foni. Mwezi wotsatira Grindr, app imene amuna okonda amuna anzawo amapezanirapo, inachenjeza anthu ake a ku Egypt kuti apolisi akugwiritsa ntchito maakaunti abodza komanso a anthu amene anawamanga kale. Chodabwitsa n'chakuti Egypt ilibe lamulo lotchula mwachindunji amuna ogonana okhaokha. Amagwiritsa ntchito lamulo la 1961 loletsa uhule ndi chiwerewere. Munthu woyang'ana mapu okha akhoza kuganiza kuti ku Cairo kulibe vuto.

Ku Qatar, mu February 2024, mwamuna wina wokhala ndi unzika wa Britain ndi Mexico, amene anakhala ku Doha zaka zambiri, anamangidwa atapangana ndi munthu pa Grindr. Boma linati mlandu wake unali wa mankhwala ozunguza bongo; abale ake ndi mabungwe a ufulu anati unali msampha, ndipo anadandaula kuti sankalandira bwino ma ARV ake ali m'chitokosi. Anatuluka m'dzikolo patapita miyezi. Ameneyo anali ndi maboma awiri omulankhulira ndi atolankhani a dziko lonse. Mnyamata wa ku Machinga wogwira ntchito ya ulonda kumeneko alibe zimenezo.

Kumene apolisi sasaka, amasaka ndi achifwamba. Ku Nigeria mchitidwewu uli ndi dzina lake, kito: kukopa munthu pa intaneti, kumutsekera m'nyumba, kumumenya, kumujambula ali maliseche, n'kulamula ndalama. Ku Johannesburg magulu otere akhala akuba anthu kudzera pa Grindr, ndipo mu 2023 apolisi anapulumutsa wophunzira wina wa pa yunivesite ya Wits amene anamangidwa manja n'kumenyedwa, achibale ake akuuzidwa kuti alipire. Njira yake imakhala yofanana: munthu wa zithunzi zokongola kwambiri, wofulumira, wokana kuimbirana pa vidiyo, woumirira kuti mupite kwa iye kapena akutumizireni galimoto, kenako malo okumana amasintha muli kale m'njira. Malo akasintha mwadzidzidzi, bwererani. Palibe chifukwa chopepesera.

Ulendo woyamba ukhale wa masana, pamalo a anthu ambiri, ndipo mufike ndi kuchoka pa mayendedwe anuanu. Mnzanu mmodzi adziwe kumene muli. WhatsApp ili ndi njira yoonetsa malo amene muli kwa maola angapo, ndipo mungapangane nthawi yoti akapanda kumva kwa inu ayambe kufufuza. Popita kokumana ndi mlendo musatenge foni yokhala ndi app ya banki imene muli ndalama zanu zonse, chifukwa achifwamba a masiku ano safuna chikwama, amafuna chala chanu pa foni.

Pa zithunzi, lamulo limene anthu odziwa amatsatira n'losavuta: nkhope ndi maliseche zisakhale pa chithunzi chimodzi. Chipsera, mphini, tatu, yunifolomu ya kuntchito kapena khoma la chipinda chanu zimaulula munthu ngati nkhope yomwe. App yoonetsa kuti munthu ali pa mtunda wa mamita angati ikhoza kuthandiza wina kupeza nyumba yanu akayeza kuchokera mbali zitatu, choncho m'maiko oopsa zimitsani zoonetsa mtunda. Nambala imene mumapatsa alendo isakhale yomwe ili pa Facebook kapena imene amayi anu amaimbira, pakuti Facebook imakonda kuonetsa anthu kwa anzawo potengera manambala a m'foni, ndipo munthu amene munacheza naye usiku umodzi akhoza kupeza mlongo wanu m'mawa mwake.

Powoloka malire a dziko loopsa, kufufuta sikokwanira ngati simukudziwa kumene zinthu zimabisala. Zithunzi zofufutidwa zimakhalabe m'foni kwa masiku 30 kapena kuposa, m'kafoda ka zinyalala. Zina zili pa Google Photos, ndipo mauthenga a WhatsApp amabwerera kuchokera pa Google Drive. Signal ndi WhatsApp zili ndi mauthenga ozimiririka okha pakapita nthawi. Yatsani zimenezo kale, osati tsiku la ulendo. Kutseka foni ndi nambala yaitali n'kwabwino kuposa chala kapena nkhope, chifukwa dzanja akhoza kuligwira mokakamiza. Ngakhale zili choncho, wapolisi wa dziko lopanda chifundo akati tsegulani, ambiri amatsegula. Chitetezo chenicheni ndi foni yopanda kanthu. Ndipo musaiwale wokonza mafoni pamsika, amene amakhala ndi foni yanu ola lathunthu inu mutapita kukadya.

Wina akayamba kukuopsezani kuti akuululani mukapanda kulipira, dziwani kuti ndalama yoyamba simaliza nkhani, imangomuuza kuti muli ndi mantha ndiponso muli ndi ndalama. Jambulani mauthenga ake, musamuyankhe mokalipa, ndipo funani thandizo. Ku Britain ndi ku South Africa wolakwa ndi iyeyo, osati inu. Kumene lamulo limakutsutsani, musayambire kupolisi nokha. Yambirani ku mabungwe odziwa maloya ndi apolisi oti n'kulankhula nawo, monga GALZ ku Zimbabwe, NGLHRC ku Kenya, kapena CEDEP kwathu kuno. Ku Mozambique kuli LAMBDA, ku Botswana LEGABIBO, ku Cape Town kuli Triangle Project ndi PASSOP, limene limathandiza makamaka anthu obwera, ku Pretoria kuli OUT, ndipo ku Britain kuli Galop. Manambala awo alembeni papepala, chifukwa tsiku limene mudzawafune mwina foni idzakhala itapita.

Mankhwala m'chikwama

Amene amamwa ma ARV ayambe kukonzekera ulendo kuchipatala, osati ku ofesi ya matikiti. Zipatala zathu zimapereka mankhwala a miyezi ingapo kwa munthu amene akuyenda bwino, ndipo mukafotokoza za ulendo amalemba kalata yosamutsira. Dziwani dzina lenileni la mankhwala anu. Ambiri kwathu amamwa TLD, kutanthauza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir m'mbulu umodzi. Dokotala wa ku Durban kapena ku Glasgow sangamve mukamuuza kuti ndi aja a m'botolo loyera. Mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi kapena wa m'mimba mwa ndege.

Ku England chithandizo cha HIV n'chaulere kwa aliyense kuyambira 2012, kaya ali ndi mapepala kaya alibe, ndipo zipatala za matenda opatsirana pogonana zimayeza ndi kuchiza kwaulere. PrEP, mankhwala oteteza munthu amene alibe kachilombo, amaperekedwanso kwaulere kumeneko. Ku South Africa ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma, koma mu 2025 zinthu zinavuta: America itadula thandizo lake, zipatala zingapo zothandiza makamaka amuna ogonana ndi amuna anzawo zinatsekedwa, ndipo magulu odana ndi obwera ankaima pa zipata za zipatala zina kubweza anthu opanda ziphaso za dzikolo. Musadikire kuti mutsale ndi mibulu itatu musanayambe kufufuza kokatenga ena.

Maiko a ku Gulf, monga United Arab Emirates, Qatar, Oman, Kuwait ndi Saudi Arabia, ndi nkhani ina. Munthu wofuna chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito amayezedwa HIV, ndipo akapezeka nako amabwezedwa. Amayezanso pokonzanso chilolezo, choncho munthu amene watenga kachilombo ali konko sangapite kuchipatala popanda kuika ntchito yake pachiswe. Russia nayo imafuna chikalata cha HIV kwa okhalitsa, kuphatikizapo ophunzira, ndipo mu November 2023 khoti lake lalikulu linaika zochitika zomenyera ufulu wa anthu otere m'gulu la zoletsedwa ngati zoopseza dziko. Amene akudziwa kuti ali ndi kachilombo asawononge ndalama kwa ma ejenti olonjeza kuti adzakonza mapepala a chipatala. Kuyeza kwachiwiri kumachitikira komweko, iye atagulitsa kale munda. Amene amamwa PrEP akumbukire kuti mibulu yake ili ndi mankhwala omwe amapezeka mu ma ARV, ndipo wofufuza katundu akhoza kufunsa mafunso. PrEP siichititsa kuti munthu apezeke ndi kachilombo poyezedwa, koma botolo lake limalankhula.

Kondomu ikang'ambika, kapena munthu akagwiriridwa, pali PEP, mankhwala oteteza ku HIV omwedwa pambuyo pa ngozi yotere: iyambidwe pasanathe maola 72, msanga ndiye bwino, ndipo imamwedwa masiku 28. Amuna nawonso amagwiriridwa, ndipo manyazi ndi amene amadya maola amenewo. Katemera wa matenda a chiwindi, hepatitis A ndi B, ndi wofunika kufunsa, komanso wa mpox kumene alipo. Mafuta otereretsa akhale a madzi. Vaseline ndi mafuta ophikira amaononga kondomu.

Pali china chimene munthu wochokera ku Lilongwe mwina sanachionepo, koma adzakumana nacho ku London, ku Manchester kapena ku Cape Town: maphwando ogonana atamwa mankhwala, amene kumeneko amati chemsex. Mankhwala ake ndi crystal meth, imene ku South Africa amati tik, mephedrone, ndi GHB, madzi opanda mtundu amene kusiyana kwa mlingo wosangalatsa ndi wokomola kumakhala kadontho chabe, makamaka akasakanizidwa ndi mowa. Stephen Port anapha anyamata anayi ku Barking, kum'mawa kwa London, mu 2014 ndi 2015 pogwiritsa ntchito GHB, ndipo mmodzi wa iwo anali mlendo wochokera ku Slovakia amene ankasowa pokhala. Chakumwa chimene simunaone chikutsegulidwa chisiyeni. Mnzanu akakomoka mugonekeni cham'mbali n'kuimba 999 ku Britain kapena 112 pa foni ya m'manja ku South Africa. Ambulansi imabwera kudzapulumutsa moyo. Kwa munthu wa viza, mlandu wa mankhwala ozunguza bongo umathetsanso chilolezo chokhala m'dziko.

Kupempha chitetezo ngati wothawa kwawo

Ambiri amamva kuti ukangonena kuti ndiwe gay, azungu amakupatsa mapepala. Si choncho. Pangano la 1951 la anthu othawa kwawo limateteza munthu amene ali ndi mantha enieni ozunzidwa chifukwa cha gulu limene alimo, ndipo UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, inafotokoza mu 2012 kuti anthu okonda amuna kapena akazi anzawo ali m'gulu lotere. Mu 2010 khoti lalikulu la Britain, pa mlandu wa amuna awiri a ku Iran ndi Cameroon, linagamula kuti boma silingabweze munthu pomuuza kuti akabisale kwawo. Koma wopemphayo ayenera kukhutiritsa ofesala pa zinthu ziwiri: kuti ndi mmene alilidi, ndiponso kuti kwawo akazunzidwa. Kungokhalapo kwa lamulo m'buku nthawi zambiri sikukwanira.

Apa munthu wa kwathu amakumana ndi chopinga chachilendo. Moyo wake wonse waphunzira kubisa, kufufuta, kukana. Tsopano akufunsidwa kuti afotokoze zonse mwadongosolo, ndi masiku ake, kwa mlendo, mwina kudzera mwa womasulira amene ndi Mmalawi mnzake. Muli ndi ufulu wopempha womasulira wina ngati simukumasuka. Kukhala ndi mkazi ndi ana kumudzi sikuthetsa pempho, chifukwa amuna ambiri amakwatira mokakamizidwa ndi abale, koma kubisa zimenezo n'kudzapezeka pambuyo pake kumaononga zonse. Zithunzi kapena mavidiyo ogonana sizifunika, ndipo khoti la European Union linaletsa mu 2014 mafunso olaula ndi zoyeza zotere. Nkhani yogula kwa anthu olemba nkhani zabodza ndi msampha, chifukwa maofesala anaimva kale kwa anthu ena khumi. Kuchedwa kupempha kumachepetsa kukhulupirika kwanu. Ku Britain wopempha saloledwa kugwira ntchito poyamba, ndipo bungwe la Rainbow Migration ndi limene limathandiza pa milandu yotereyi. Ku South Africa munthu amene wanena pa malire kuti akufuna chitetezo amapatsidwa masiku asanu oti akafike ku ofesi ya othawa kwawo, monga ya ku Musina, Pretoria kapena Durban, ndipo anthu amakhala zaka zambiri akungowonjezera chikalata chongoyembekezera.

Za ku Kakuma, msasa wa ku Kenya umene ena amauona ngati khomo lopitira ku Canada kapena ku America, ndinene mosabisa: anthu otere akhala akumenyedwa ndi kuwotcheredwa pogona mumsasamo, ndipo Amnesty International inalemba za zimenezi mu 2023. Amene amasamutsidwira ku maiko ena ndi ochepa, ndipo amadikira zaka.

Mtengo wake waukulu ndi uwu: amene walandira chitetezo sangabwerere kwawo, ngakhale pa maliro a amayi ake, popanda kuika chitetezocho pangozi. Ngakhale kukakonzetsa pasipoti ku ofesi ya kazembe wa dziko lake kukhoza kuwerengedwa ngati wabwerera m'manja mwa boma limene anati akulithawa. Nkhanga zinapangana kusanapse. Izi n'zoganizira munthu asanasaine, osati uthenga wa maliro utafika.

Mukagwidwa

Pangano la ku Vienna la 1963 limapatsa mlendo womangidwa ufulu woti ofesi ya kazembe wa dziko lake idziwitsidwe, ngati iye wafuna. Mawu akuti ngati wafuna ndi ofunika kwa ife, chifukwa dziko lathu nalonso limati zimenezi ndi mlandu, ndipo ogwira ntchito ku maofesi a ku Pretoria, Johannesburg kapena London ndi anthu okhala pakati pa Amalawi anzawo. Komabe m'dziko limene munthu akhoza kusowa m'chitokosi osadziwika, kuli bwino wina wa boma adziwe kuti muli kuti. Simukakamizidwa kumufotokozera za moyo wanu. Musasaine chikalata cha chinenero chimene simukuchimva. Musatchule maina a anzanu poganiza kuti akumasulani. Nenani msanga za mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku. M'maiko ena, monga Egypt, Uganda, Tanzania ndi Zambia, anthu akhala akukakamizidwa kupimidwa kumalo ochitira chimbudzi ngati umboni. Kupima kumeneku sikutsimikiza kanthu, bungwe la madokotala a dziko lonse la World Medical Association linakutsutsa mu 2017, ndipo khoti la apilo ku Kenya linati n'kosemphana ndi malamulo mu 2018. Nenani momveka kuti simukuvomera, ndipo muuzeni loya wanu.

Ulendo wobwerera

Anthu amakonzekera kupita, saganizira kubwera. Munthu amene wakhala zaka zisanu ku Brighton kapena ku Cape Town amazolowera: amaika chithunzi cha bwenzi lake pa foni, amajambulitsa pa Pride, chikondwerero cha poyera cha anthu otere, amalankhula momasuka. Zithunzi zimenezo zimafika kumudzi iye asanafike, nthawi zambiri kudzera mwa mnzake amene anamutchula pa Facebook mosaganiza. Amene amapwetekeka si iye yekha. Mng'ono wake kusukulu, amayi ake kumpingo, ndi mnzake wakale amene anatsala ku Ndirande ndipo aliyense akudziwa kuti ankayendera limodzi, onsewo alibe tikiti yobwererera. Tikukumbuka mmene dziko linagwedezekera mu 2010, pamene Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anapatsidwa zaka 14 chifukwa cha chinkhoswe, mpaka Bingu wa Mutharika anawakhululukira Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo, atabwera. Kukhululukidwa ndi pulezidenti sikunawabwezere mtendere wa pamudzi.

Ukwati womangidwa ku Johannesburg kapena ku London sudziwika ku Malawi, kumene lamulo la maukwati la 2015 limati banja ndi la mwamuna ndi mkazi. Zimenezi zimaonekera kwambiri pa imfa. Mmalawi akamwalira ku Joni, gulu la maliro limasonkha, abale amalamula, thupi limakwera galimoto kupita kumudzi, ndipo mwamuna amene anakhala naye zaka khumi, amene anamusambitsa akudwala, amatsala pakhomo ngati mlendo, nthawi zina katundu wa m'nyumba atanyamulidwa ndi alamu ake osamudziwa. Ngati anakwatirana mwalamulo, khoti la South Africa limamuzindikira pa chuma chimene chili m'dzikolo. Ngati sanakwatirane, chomuteteza chodalirika ndi wilo yolembedwa bwino, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, komanso dzina lake pa mapepala a penshoni, a inshulansi ya maliro ndi a kuchipatala monga munthu woyamba kudziwitsidwa. Munda ndi nyumba ya kumudzi zidzayenda mwa malamulo a kumudzi. Mu wiloyo mukhoza kulembanso kumene mukufuna kuikidwa, ndipo kope lake lina likhale ndi munthu amene sali wa banja lanu kapena la mnzanuyo.